DIGIRI YACIWIRI YA MWANA WOPHUNZIRA UDOKOTALA: AITENGE LITI?

Pa tsamba lino timakonda kukamba za malungo, kutsekula m'mimba ndi katemera wa ana. Lero phunziro lathu likhudza anthu amene amaciritsa matendawo, makamaka ana athu amene ali kuphunzira udokotala. Masiku ano si cacilendo kumva kuti mwana wa amai ogulitsa tomato pa msika wa Mtendere, kapena wa abambo oyendetsa minibasi ya ku Matero, ali pa Ridgeway kapena pa Levy Mwanawasa. Banja lonse limadzimana kuti mwanayo amalize. Ena amalowa cilimba, ena amagulitsa puloti, ndipo ena amafika mpaka kukatenga kaloba.

Tsono tsiku lina mwana uja amabwera kunyumba ndi kunena kuti, "Amai, ndifuna kuonjezerako digiri ina." Makolo ambiri amangobvomera kaamba koti saidziwa bwino njira ya maphunzirowa. Ena amakana ndi ukali poganiza kuti mwana ali kuthawa nchito. Kuonjezera maphunziro ndi cinthu cabwino, ndipo dziko lathu lifunika akatswiri ambiri. Nkhani yaikulu ndi nthawi yake. Digiri imodzimodziyo ikhoza kukweza banja kapena kulilowetsa m'nkhongole, malingana ndi caka cimene mwana waitengera.

NJIRA YA UDOKOTALA M'DZIKO LATHU

Tiyambe taona makwerero amene mwana amakwera kuti akhale dokotala.

Yunivesite ya Zambia, imene timaichula kuti UNZA, inatsegulidwa m'caka ca 1966, ndipo madokotala oyamba ophunzira kuno kwathu anamaliza m'caka ca 1973. Kwa zaka zambiri sukulu ya udokotala inali imodzi yokha, ya pa Ridgeway pafupi ndi cipatala ca UTH, ndipo maphunziro ake anali a zaka 7. Mwana akamaliza zaka 4 zoyamba anali kulandira digiri ya sayansi ya thupi la munthu, yochedwa BSc Human Biology. Pambuyo pake anali kulowa m'mawodi kwa zaka 3 kuti alandire digiri yeniyeni ya udokotala, yochedwa MBChB.

Tsopano masukulu aculuka. Yunivesite ya Copperbelt inatsegula sukulu ya udokotala ku Ndola m'caka ca 2011. Yunivesite ya Levy Mwanawasa inakhazikitsidwa m'caka ca 2018 ku Chainama. Yunivesite ya Mulungushi ili ndi sukulu yake ku Livingstone, ndipo palinso masukulu amene si a boma monga Lusaka Apex ndi Cavendish. Zaka za maphunziro zimasiyanako malingana ndi sukulu, koma palibe kumene udokotala umatha m'zaka ziwiri kapena zitatu.

Makolo amvetse bwino mfundo iyi: tsiku lobvala mkanjo ndi cisoti si tsiku limene mwana wakhala dokotala wodziimira payekha. Kabungwe ka HPCZ, kamene kamayang'anira anchito a zaumoyo, kamayamba kamulemba mongoyembekezera. Iye afunika kukagwira nchito yophunzira, imene amati internship, pa cipatala cacikulu monga UTH, Levy Mwanawasa, Ndola, Kitwe kapena Livingstone. Kumeneko amazungulira m'zigawo zinai: matenda a akuluakulu, matenda a ana, opaleshoni, ndi ubereki ndi matenda a azimai. Zimenezi zimatenga caka cimodzi ndi theka kapena zaka ziwiri. Akamaliza bwino ndi pamene amalembedwa kwathunthu.

MADIGIRI OONJEZERA NDI ATI?

Mwana akati "digiri ina", funsani kuti ndi iti, cifukwa ali mitundumitundu.

1. MMed. Iyi ndi digiri ya ukatswiri wa m'cipatala, monga wa ana, wa azimai, wa opaleshoni kapena wa mafupa. Imatenga zaka 4, ndipo munthu sangailowe asanamalize internship. Palinso njira yochedwa STP, imene dokotala amaphunzira ukatswiri ali kugwira nchito pa cipatala.

2. MPH. Iyi ndi digiri ya umoyo wa anthu onse. Imaphunzitsa kuwerenga m'mene matenda amafalikira, kuteteza miliri ndi kuyendetsa nchito za umoyo m'boma kapena m'cigawo. Imatenga caka cimodzi kapena zaka ziwiri.

3. MSc ndi PhD. Awa ndi madigiri a kafukufuku, oyenera munthu amene afuna kukhala mphunzitsi wa pa yunivesite kapena wofufuza za matenda. PhD imatenga zaka 3 kapena kuposapo.

4. Madigiri a kayendetsedwe ka nchito, monga MBA, a iwo amene afuna kudzayang'anira cipatala kapena kutsegula kiliniki yao.

Pa MMed palibe mtsutso, pakuti lamulo lenilenilo limati uyambe wagwirako nchito. Mkangano umabuka pa madigiri ena atatuwo, amene mwana angaganize zowatenga nthawi iliyonse.

NTHAWI YOYAMBA: PAKATI PA SUKULU

Ku Britain ana ambiri ophunzira udokotala amaima caka cimodzi pakati pa maphunziro, natenga digiri ina, kenaka nabwerera. Ku America kuli maphunziro ophatikiza udokotala ndi PhD amene amatenga zaka 7 kapena 8. Ana athu amawerenga zimenezi pa intaneti ndipo amazikhumbira. Koma kumaiko amenewo sukulu ndiyo imakonza njirayo, malo a mwana amasungidwa, ndipo pamakhala thandizo la ndalama. Dziwaninso kuti ku Britain komweko, kuyambira m'caka ca 2023, digiri yoonjezerayo inaleka kupatsa mwana mapointi pogawa malo a nchito yoyamba ya udokotala.

Kuno kwathu, mwana amene afuna kuima pakati afunika kupempha cilolezo ca sukulu. Zoopsa zake ndi izi:

Coyamba, kuiwala. Udokotala ndi luso la m'manja, m'maso ndi m'makutu. Kumvetsera cifuwa, kupeza mtsempha wa mwana wouma thupi, kupima mimba ya mai woyembekezera, zonsezi zimafuna kuzicita tsiku ndi tsiku. Munthu akazisiya caka cathunthu, pobwerera amapeza anzake apita patsogolo.

Caciwiri, loni. Ana ambiri a m'makomboni amene ali pa mayunivesite a boma amaphunzira ndi loni ya HELSB, kabungwe kamene kanalowa m'malo mwa ofesi ya mabasale pambuyo pa lamulo la 2016. Loni imeneyi ndi nkhongole yobweza, ndipo imaperekedwa pa maphunziro amene mwana analembetsa. Asanaime, apite ku ofesi yao akafunse ngati loniyo idzapitiriza pobwerera, ndipo yankho likhale lolembedwa pa pepala.

Cacitatu, kusabwerera. Mwana akapeza kanchito ka malipiro pa pulojekiti atatenga digiri ya pakati, kubwerera kukakhala mwana wa sukulu wopanda ndalama kumakhala kowawa. Pulojekiti ikatha, amapezeka alibe nchito ndiponso alibe udokotala. Akuluakulu anati mapanga awiri abvumbwitsa.

Tisaiwalenso kuti sukulu imacedwa kale payokha. M'caka ca 2018 masukulu anacedwa kutsegula kaamba ka kolera, ndipo m'caka ca 2020 anatsekedwa kaamba ka COVID-19. Zaka zimene zalembedwa pa pepala si nthawi zonse pamene zimakwanira.

Kodi ndiye kuti kuima pakati ndi kolakwa nthawi zonse? Iyai. Ngati mwana ali ndi mphatso ya kafukufuku, aphunzitsi ake ndiwo amusankha, ndalama zonse zalipiridwa ndi omuthandiza, ndipo sukulu yalemba kalata yosunga malo ake, umenewo ndi mwai wosafunika kuutaya. Cimodzi mwa zinthu zimenezi cikasowa, ayambe wamaliza.

NTHAWI YACIWIRI: ATANGOMALIZA SUKULU

Apa mpamene mabanja ambiri amasokonezeka masiku ano. Popeza masukulu aculuka, omaliza nawonso aculuka, ndipo m'zaka zapitazi madokotala ambiri acicepere akhala pakhomo miyezi yambiri kuyembekezera kulembedwa nchito. M'caka ca 2022 boma linalemba anchito a zaumoyo opitirira 11,000, koma caka ciliconse masukulu amatulutsa ena atsopano. Mwana akakhala pakhomo ku Chawama, anansi ali kumuitana kuti "adokotala" koma alibe ndi ya sopo yomwe, maganizo oti alowe MPH amabwera msanga.

Kukhala cabe kumafooketsa mtima, conco kuphunzira pa nthawi yodikirayi si koipa. Koma pakhale malire. Maphunzirowo akhale a madzulo, a pa mapeto a sabata kapena a pa intaneti, oti dzina la mwana likatuluka pa mndandanda wa internship angathe kupita tsiku lomwelo. Asakane malo a internship kaamba kofuna kumaliza digiri ina. Dokotala amene ali ndi MPH koma sanalembedwe kwathunthu ndi HPCZ saloledwa kuona odwala payekha, ndipo zitseko zambiri za nchito zimakhala zotseka kwa iye.

Ngati ndalama za maphunziro amenewa zifuna kuti banja litenge kaloba kapena kuti mng'ono wake asapite ku koleji, ndi bwino kudikira. Pali maphunziro afupiafupi a masabata ocepa, ambiri aulere, amene angasunge mutu wake osaononga thumba la banja.

NTHAWI YACITATU: ATAGWIRAKO NCHITO

Kwa ana ambiri a m'makomboni athu, iyi ndiyo nthawi yabwino: atamaliza internship, atalembedwa kwathunthu, ndipo atagwirako nchito zaka ziwiri kapena zitatu. Zifukwa zake ndi zinai.

(a) Amakhala ali ndi malipiro. Digiri amailipira yekha, kapena amaiphunzira ali pa chuthi ca maphunziro covomerezedwa ndi omulemba nchito. Makolo amapumula.

(b) Thandizo la maphunziro limafuna munthu amene wagwirako nchito. Mwacitsanzo, thandizo la Chevening la boma la Britain limafuna kuti wopempha akhale atagwira nchito zaka ziwiri.

(c) Amakhala atadziwa cimene mtima wake ufuna. Ambiri amalowa sukulu akulota za opaleshoni, koma akagwira nchito amapeza kuti mphatso yao ili pa ana kapena pa azimai oyembekezera.

(d) Amakhala ali ndi funso lenileni lofuna yankho. Mfundo iyi ndiyo yaikulu, ndipo tiifotokoze ndi zitsanzo za kuno kwathu.

M'caka ca 1983, Pulofesa Anne Bayley, dokotala wa opaleshoni pa UTH, anazindikira kuti khansa ya pakhungu yochedwa Kaposi yayamba kubwera mwa mtundu wina waukali, ndipo ili kupha acinyamata mwamsanga. Iye anali ataona odwala khansa imeneyi kwa zaka zambiri, motero anatha kuona kuti yasintha. Ici cinali cimodzi mwa zizindikiro zoyamba zoti matenda a AIDS afika m'Zambia.

M'caka ca 2004, Pulofesa Chifumbe Chintu, katswiri wa matenda a ana pa UTH, pamodzi ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ana opitirira 500 amene anali ndi kacirombo ka HIV. Anapeza kuti kumwa Septrin tsiku lililonse kunacepetsa imfa za anawo ndi 43 peresenti. Bungwe la WHO linasintha malangizo ake, ndipo mankhwala ochipa amenewa anapulumutsa ana ambiri m'Africa. Funso la kafukufukuyo linacokera m'wodi ya ana, kumene madokotala anali kuona ana akufa ndi cibayo.

Taonaninso kolera. Mliri wa 2017 unayambira m'komboni ya Chipata mu Okutobala nufalikira ku Kanyama, ndipo anthu opitirira 5,000 anadwala. Wa 2023 mpaka 2024 unali waukulu koposa: odwala anapitirira 20,000, omwalira anapitirira 700, ndipo bwalo la Heroes Stadium linasanduka cipatala. Dokotala amene wagona usiku akuika madilipi pa nthawi ngati imeneyi, naona kuti odwala ambiri acokera m'dera limodzi kumene zitsime zosazama zili pafupi ndi zimbudzi ndipo madzi amasefukira mvula ikagwa, akalowa MPH amadziwa cimene wapitira. Mapu ndi ziwerengero za m'kalasi zimamukumbutsa nyumba zimene azidziwa. Mnzake amene sanaonepo wodwala kolera amaloweza zomwezo kuti apambane mayeso basi.

KUCEDWA KWAMBIRI NAKONSO NDI BVUTO

Tisapitirire muyeso. Tiyeni tiwerenge zaka. Mwana akalowa yunivesite ali ndi zaka 19, amamaliza udokotala ali ndi zaka 25 kapena 26. Internship imamufikitsa pa 27 kapena 28. Akagwira nchito zaka ziwiri nalowa MMed ali ndi zaka 30, amakhala katswiri ali ndi zaka 34. Caka ciliconse cimene waima pakati, kapena cimene wazengereza pambuyo pake, cimakankhira ciwerengero cimeneci patsogolo.

Munthu akafika zaka za m'ma 40 amakhala ndi ana ake a sukulu, lendi, makolo okalamba, ndipo mwina ana amasiye a abale. Kugona ku cipatala usiku ndi kuwerengera mayeso kumalemera. Mathandizo ena a maphunziro alinso ndi malire a zaka zakubadwa. Conco makolo musamugwire mwana mwendo mpaka kalekale ponena kuti, "Uyambe waphunzitsa azing'ono ako onse." Pangana nayeni zaka zimene adzathandiza pakhomo, ndipo zikakwana mumumasule.

Kwa ana aakazi, zaka za maphunziro a ukatswiri ndi zomwenso ambiri amakwatiwa ndi kubereka. Mimba si cifukwa cosiyira maphunziro, ndipo m'zipatala zathu muli azimai ambiri akatswiri amene analera ana ali kuphunzira. Cofunika ndi kukambirana ndi mwamuna msanga, ngakhale ukwati usanacitike, za amene adzasamala khanda pa masiku ogona ku nchito. Apongozi ndi ambuye a mwana angathandize kwambiri pamenepa.

NANGA MA CLINICAL OFFICER NDI ANAMWINO?

Phunziroli likhudzanso ife amene tinaphunzira nchito imene kale inali kuchedwa medical assistant, tsopano clinical officer. M'zipatala za Kanyama, Matero, Chawama, Chilenje ndi Chipata, zimene zinakulitsidwa ndi thandizo la dziko la Japan, ndiponso m'makiliniki monga a Kalingalinga, Mtendere ndi George, kawirikawiri wodwala amayamba kuonana ndi clinical officer kapena namwino.

M'caka ca 2002 koleji ya Chainama inayamba maphunziro a medical licentiate, amene amaphunzitsa clinical officer kucita maopaleshoni ofulumira monga ocotsa mwana m'mimba. Pambuyo pake maphunzirowa anakwezedwa kukhala digiri. Ena amasankha kuyamba udokotala wonse wa MBChB. Malangizo ndi omwewo: malizani dipuloma, lembetsani ku kabungwe koyang'anira nchito yanu, gwirani nchito, kenaka pemphani chuthi ca maphunziro. Musayambe sukulu ya masana musanalandire kalata yobvomereza chuthi, pakuti kusowa pa nchito popanda cilolezo kukhoza kuimitsa malipiro kapena kucotsetsa munthu nchito. Werenganinso bwino pangano limene musaina, cifukwa amene waphunzira ali kulandira malipiro a boma amafunika kubwerera kudzagwira nchito zaka zimene anapangana.

MAFUNSO OFUNSA MWANA WANU

Makolo ena amacita manyazi kufunsa mwana wophunzira kwambiri. Kumbukirani kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndalama ndi zanu, ndipo simufunika Cingerezi kuti mufunse mafunso awa:

1. Digiri imeneyi dzina lake ndi ciani, ndipo idzatenga zaka zingati?

2. Ndi nchito iti imene udzaigwira ukaitenga, imene sungaigwire popanda iyo?

3. Adzalipira ndani? Ndalama ya sukulu, ya cakudya, ya nyumba ndi ya ulendo zonse pamodzi ndi zingati?

4. Ngati uima pakati, kalata yosunga malo ako ili kuti? Nanga a HELSB anena ciani?

5. Dzina lako likatuluka pa internship uli pakati pa maphunziro amenewa, udzacita ciani?

6. Kodi sukuluyo ndi maphunziro ake ndi zobvomerezeka ndi bungwe la Higher Education Authority? Ngati ili kunja kwa dziko kapena pa intaneti, kodi a ZAQA adzaizindikira digiri yake? Funsani musanalipire, cifukwa pali anthu amene anataya ndalama pa mapepala opanda nchito.

7. Kodi wakambirana ndi dokotala wamkulu amene anadutsa kale njira imeneyi?

Mwana amene waganizira bwino adzayankha mafunsowa mosabvuta, ndipo adzakondwa kuti makolo aikako nzeru. Amene akwiya, kapena amene yankho lake ndi lakuti "anzanga onse ali kucita", afunika nthawi ina yoganiza.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

* Digiri ya udokotala iyambe yatha, pokhapokha ngati maphunziro a pakati alipiridwa onse ndipo malo asungidwa mwa kalata.

* Internship ndi kulembedwa kwathunthu ndi HPCZ zisacedwetsedwe kaamba ka digiri ina iliyonse.

* Nthawi yabwino kwa ambiri ndi pambuyo pa zaka ziwiri kapena zitatu za nchito, munthu asanalemedwe ndi udindo wa banja.

* Banja lisatenge kaloba kaamba ka digiri yaciwiri, ndipo azing'ono asasiye sukulu cifukwa ca iyo.

* Pangano lililonse, la sukulu, la loni kapena la chuthi, likhale pa pepala, ndipo kope lake lisungidwe kunyumba.

Mwana wanu akabwera pa holide, khalani naye pansi, muitanenso amalume kapena azakhali amene amathandiza kulipira sukulu, ndipo muwerenge mafunso ali pamwambawa limodzi. Lembani zimene mwagwirizana, ndi caka cimene aliyense wa ana anu adzafunika ndalama. Amene alibe mwana pa sukulu ya udokotala apatseko nyuzipepala ino mnansi amene ali naye.